Ndikajambula munthu mwachangu amatuluka wouma, mutu waukulu, miyendo yaifupi

"Aphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 23, ndimakhala ku Mtendere. Chimalizireni Giredi 12 ndakhala ndikujambula nkhope za anthu ndi pensulo kuchokera pa zithunzi za pafoni, ndipo ndimapezerapo kangachepe: za ukwati, za tsiku lobadwa, nthawi zina za malemu. Ndimalemba timabokosi pachithunzi ndi papepala, n'kumakopera bokosi limodzilimodzi, ndipo nkhope imafanana ndithu. Chaka chino ndayamba kuyesa kujambula munthu wathunthu mwachangu, mphindi imodzi kapena ziwiri, ndikamadikira basi pa Kulima Tower. Zimene zimatuluka n'zochititsa manyazi. Mutu umakula, miyendo imafupika, nthawi zina mapazi amasowa malo papepala. Munthu amene akuthamangira basi, papepala langa amangoima chilili, wouma. Ndikati ndiyeze bwinobwino, munthuyo wachoka kale. Ndikati ndifulumire, miyezo imasokonekera. Kodi ndiyambe ndaloweza mafupa ndi minofu? Kapena luso langa ndi la nkhope basi?"

M'bale wanga, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa, vuto limeneli ndaliona kwa pafupifupi aliyense wochokera ku ntchito ya nkhope, ndipo odziwa nkhope kwambiri ndiwo amavutika nalo kwambiri masabata oyamba. Diso limene limasiyanitsa mthunzi wa pansi pa mphuno ndi wa pansi pa mlomo silingalephere kuona kumene chiuno chapendekera. Chimene chikukupingani ndi dongosolo. Mukuyambira pamene muyenera kumalizira, komanso mukufuna kuchita ntchito ziwiri pakamodzi, kuyeza ndi kugwira zimene thupi likuchita. Ntchito ziwirizi zimaphunziridwa padera, ina modekha kunyumba, ina mothamanga, ndipo zimadzakumana zokha m'dzanja mwanu pakapita nthawi.

Tiyambe ndi mutu waukuluwo. Zaka zonsezi timabokosi tija ndi timene takhala tikukuyezerani, diso lanu silinapatsidwepo ntchito yoyerekeza mutu ndi thupi lonse. Dzanja lanu nalonso linazolowera kuyamba ndi diso, kenaka mphuno, kenaka mlomo, ndipo kuti zimenezi zikwane mutu uyenera kukula. Mukamafika m'mawondo pepala lili pafupi kutha, ndiye mumapanikiza miyendo kuti mapazi alowe. Miyendo yaifupiyo sikuti simukuidziwa miyendo ayi, malo ndi amene anadyedwa kale kumtunda.

Pali chifukwa china chimene ambiri sachiganizira. Buku likagona chafulati patebulo kapena pamiyendo, kumtunda kwa pepala kumakhala kutali ndi maso anu kuposa kumunsi. Chimene chili kutali chimaoneka chaching'ono, choncho mosadziwa mumachikulitsa kuti chioneke bwino pamene mwakhalapo. Mukanyamula pepala n'kuliyang'ana maso ndi maso, mutu uja watupa. Pezani kathabwa kopepuka, mupanirepo mapepala, ndipo muzikagwira mopendeketsa kuti pepala liyang'anizane ndi nkhope yanu. Kusintha kokhaku kumachepetsa vutoli kwa anthu ambiri tsiku lomwelo.

Tsopano kuuma kuja, kumene ndikufuna tikhalitsepo. Munthu amauma papepala pamene wojambula wayamba ndi m'mphepete mwa thupi, kutsata malire a malaya, a thalauzi, a nsapato, chiwalo chimodzichimodzi. Chilichonse chikhoza kulondola pachokha, koma zikalumikizana palibe chimene chikuchitika. Musanakhudze pepala, dzifunseni kuti munthuyu akutani, ndipo yankho likhale mawu amodzi: akukankha, akusenza, akuwerama, akuitanira, watopa. Kenaka funafunani mzere umodzi umene ukunyamula ntchito imeneyo kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndipo mzere umenewo ndiwo ulowe papepala poyamba, kamodzin'kamodzi.

Taonani wa Zamcab, wonyamulira anthu katundu, akutuluka ku msika wa Soweto ndi wilibala yodzaza matumba. Mzere wake umayambira pachidendene cha mwendo wakumbuyo, n'kukwera msana wonse mpaka pamutu, wopendekera kutsogolo. Mikono yake siipinda, yawongoka chifukwa katundu akuikokera pansi, ndipo mapewa atsika nayo. Mayi wosenza beseni la tomato pankhata ndi wosiyana kotheratu: khosi ndi msana zili njo, mutu sugwedezeka, ntchito yonse yoyenda ikuchitika m'chiuno. Kondakitala wolendewera pakhomo la minibasi wapindika thupi lonse, kuchokera padzanja limene lagwira chitseko mpaka phazi limene laponda pakhomo. Mukalemba mizere itatu imeneyi yokha, popanda mutu kapena chala, munthu wa mu Lusaka akhoza kukuuzani kuti uyu ndani, uyu ndani.

Pamzere umenewo mumaikapo zigawo zitatu zolimba: mutu, chifuwa ndi chiuno. Zitatuzi ndi mafupa, sizipindika, zimangopendekera ndi kutembenuka. Kupinda kumachitika pakati pake. Msana uli ndi timafupa 7 m'khosi, 12 pamene pagwira nthiti, ndi 5 kumunsi pakati pa nthiti ndi chiuno. Ta pakatito tinamangika ku nthiti, n'chifukwa chake munthu akawerama kapena kupendekera kumbali, kupinda kwambiri mumakuona m'khosi ndi kumunsi kwa msana. Pamenepo mbali imodzi ya mimba imafinyika, inayo imatambasuka. Zovala zimakuuzani zimenezi kwaulere: kumene kwafinyika sikipa imachita makwinya, kumene kwatambasuka imakungika. Mbali yotambasukayo ilembeni ndi mzere umodzi wautali, yofinyikayo ndi mzere wothyoka. Mukalemba mbali zonse ziwiri mofanana, munthu wauma kale.

Chotsatira ndi kulemera. Munthu aliyense woima pali mwendo umene wanyamula thupi, ndipo kawirikawiri ndi umodzi, osati yonse iwiri. Pansi pa khosi, pakati pa mafupa awiri opita kumapewa, pali kadzenje. Tsitsani mzere wa m'maganizo kuchokera pa kadzenje kameneko molunjika pansi. Ngati munthu watsamira mwendo umodzi, mzerewo umagwera pa phazi la mwendo umenewo. Ngati watsamira yonse mofanana, umagwera pakati pa mapazi. Ukagwera kunja kwa mapazi onse, ndiye kuti munthuyo akuthamanga, akugwa, kapena watsamira chinthu. Anthu ambiri ojambulidwa amaoneka ngati akugwa chagada chifukwa phazi linaikidwa pamene panatsala malo, osati pamene kulemera kukugwera.

Ndipo mwendo umodzi ukanyamula thupi, chiuno cha mbali imeneyo chimakwera, phewa la mbali yomweyo limatsika. Osema miyala a ku Greece, monga Polykleitos, anali atazindikira kale zimenezi m'zaka za m'ma 400 Yesu asanabadwe, ndipo n'zimene zinachititsa ziboliboli zawo kusiya kuima ngati zoumitsidwa. Simufunika kupita ku Greece kuti muzione. Yang'anani mzere wa anthu odikira pa banki kumapeto kwa mwezi, aliyense wasamutsira thupi pa mwendo umodzi. Mizere iwiri yaifupi, wa mapewa ndi wa chiuno, yopendekera mosiyana, imapatsa chojambula moyo kuposa mthunzi uliwonse umene mungapake. Poyenda zimatembenukanso mosiyana: mwendo wamanja ukapita kutsogolo, mkono umene umapita kutsogolo ndi wamanzere. Ngati kaimidwe kena kakukuvutani kumvetsa, imirirani inuyo mukayese. Thupi lanu likuuzani pamene pakulemera ndi pamene pakukokeka.

Chinthu china chimene muyenera kudziwa za dzanja la munthu: limakonda kuwongola. Msana wopendekera kwambiri, papepala umatuluka wopendekera pang'ono. Bondo lopindika kwambiri limatuluka lopindika mwaulemu. Choncho onjezerani dala. Mukaona kuti mwapendeketsa mopitirira, nthawi zambiri ndi pamene mwafika pa zoona.

Kagwiridwe ka pensulo nakonso kasinthe. Pa nkhope mumagwira pafupi ndi nsonga, dzanja litatsamira papepala, zala zokha n'kumayenda. Motero simungalembe mzere wotalika kuposa chala chanu, ndiye mumalumikiza timizere tambirimbiri taubweya. Gwirani pensulo chakumbuyo, dzanja lisatsamire, mzere uchokere m'chigongono ndi m'phewa. Ngati n'kotheka imirirani. Ndipo chofufutira chitsale kunyumba. Mzere ukalakwika lembani wina pambali pake, wolakwikawo ukhale pomwepo kuti mudzaone kumene dzanja lanu limakonda kusochera.

Tibwere ku miyezo. Ojambula amayeza thupi ndi mutu wa mwini wake, kuyambira pamwamba pa mutu mpaka kuchibwano. Munthu wamkulu wamba amakhala pafupifupi mitu 7 ndi theka. Mabuku ambiri amaphunzitsa mitu 8, ndipo chiwerengero chimenechi n'chakale: Vitruvius, mmisiri wa zomangamanga wa ku Rome amene anakhalako Yesu atatsala pang'ono kubadwa, analemba kuti mutu ndi gawo limodzi mwa magawo 8 a msinkhu, ndiponso kuti munthu akatambasula mikono, kutalika kwake kumafanana ndi msinkhu wake. Chojambula chotchuka cha Leonardo da Vinci cha m'ma 1490, cha munthu woima m'bwalo lozungulira, chinatsata mawu amenewo. Mitu 8 ndi yosavuta kugawa, koma anthu ambiri amene mukukumana nawo pa Cairo Road sakufikapo. Ojambula masitayelo a zovala amafika mpaka 9 kuti diresi lioneke lotalika, ndipo imeneyo ndi ntchito ina.

Miyezo imene ndimafuna wophunzira aisunge ndi yochepa. Waukulu kuposa yonse ndi uwu: pakati pa msinkhu wa munthu wamkulu si pamchombo, si palamba, ndi pamene miyendo yagawikana. Theka lonse la munthu ndi miyendo. Inu mukutalikitsa thupi n'kufupikitsa miyendo, n'chifukwa chake anthu anu akuoneka ngati ana okalamba. Pansi pa bondo pamakhala pafupifupi pakati pa mwendo. Mikono ikalendewera, chigongono chimafika pamene nthiti zathera, pomangira wotchi pamafika pamene miyendo yagawikana, nsonga za zala zimafika pakati pa ntchafu. Dzanja lotambasula limaphimba nkhope kuyambira kuchibwano mpaka chakumtunda kwa chipumi, ndipo phazi limatalika pafupifupi ngati mkono kuyambira pachigongono mpaka pomangira wotchi. Yesani pathupi panu pompano, muona kuti manja ndi mapazi ndi aakulu kuposa mmene mumawajambulira. Munthu akakhala pampando, kuyambira pamutu mpaka pamene wakhalira ndi pafupifupi mitu 4.

Ana ali ndi miyezo yawo. Mwana wa chaka chimodzi ndi mitu pafupifupi 4, ndipo pakati pake pali chapamchombo. Wa zaka 5 ali pafupi ndi mitu 6. Mukajambula mwana ndi miyezo ya wamkulu, amatuluka kamunthu kakakulu kochepetsedwa.

Koma tamverani. Manambala onsewa amagwira ntchito pa munthu woima chilili, wokuyang'anani, inu muli patali. Akangowerama, kukhala pansi, kapena kuloza mkono kwa inu, kuwerenga mitu kwatha ntchito. Mkono wolunjika kwa inu ukhoza kuoneka waufupi kuposa dzanja limene lili kunsonga kwake, ndipo muyenera kuujambula mmene ukuonekeramo, ngakhale mutu wanu ukukana kuti mkono sukhala choncho. Ndiye pa siteshoni musawerenge mitu. Chitani monga womanga nyumba, amene amakhoma zikhomo ndi kukoka chingwe asanaike njerwa ngakhale imodzi. Kachizindikiro kamodzi kumtunda kwa pepala pamene mutu uthere, kena kumunsi pamene phazi lotsika kwambiri liponde, kachitatu pakati. Yang'anani munthuyo, muone kuti pakati pa chimene mukuonacho pagwera chiyani: kwa woima ndi pogawikana miyendo, kwa wowerama mwina ndi bondo, kwa wokhala pansi mwina ndi chigongono. Zimatenga masekondi atatu, ndipo mapazi sadzasowanso malo. Mutu ulowe pambuyo pa chifuwa ndi chiuno, wopanda maso, wopanda mphuno, kamzere kamodzi kokha kosonyeza kumene wayang'ana. Ndikudziwa kuti kwa inu zimenezi zikhala zowawa.

Pali zinthu ziwiri zimene zimathandiza kuposa manambala thupi likapindika. Choyamba ndi kuona zimene zili pamzere umodzi: chibwano chili pamwamba pa bondo liti, dzanja lili mulingo umodzi ndi chiyani, chidendene chili pansi pa phewa kapena kunja kwake. Chachiwiri ndi mipata. Munthu akagwira m'chiuno, pakati pa mkono ndi thupi pamatsala mpata wa ngodya zitatu. Akatangadza, pakati pa miyendo pamatsala wina. Mutu wanu uli ndi maganizo ake akale a mmene mkono umaonekera, koma ulibe maganizo alionse a mpata, choncho mpata mumauona mmene ulili. Mpata ukalondola, mkono walondola.

Nanga kuyeza ndi pensulo? N'kofunika, ndipo ndi kumene kumaphunzitsa diso. Mumatambasula mkono wonse, chigongono chitawongoka, mumatsinzina diso limodzi, nsonga ya pensulo pamwamba pa mutu wa munthuyo, chala chachikulu pachibwano, ndiye mumatsitsa muyezo umenewo kuona kuti ukulowa kangati. Chigongono chikangopinda pang'ono muyezo wasintha, ndipo mukasuntha pamene mwakhala muyambirenso. Koma ntchito imeneyi ndi ya kunyumba, ndi munthu amene wavomera kukhala chete. Pa Kulima Tower ilibe nthawi, komanso kutambasulira mlendo mkono diso limodzi litatsinzina n'chimodzimodzi kumuloza, ndipo kwathu kuno kuloza munthu ndi mwano. Mungayambitse nkhani imene simunaikonzekere.

Ndikanakonda muzichita chonchi, mphindi 30 patsiku, masiku asanu pa sabata. Pemphani mng'ono wanu kapena mnzanu avale kabudula ndi sikipa yothina. Asamaime ngati akujambulitsa, azichita ntchito zenizeni: kusesa, kukolopa, kunyamula chigubu cha madzi, kukupiza mbaula, kukonzekera kumenya mpira. Yambani ndi zojambula 10 za masekondi 30, foni ikuwerengereni nthawi. M'masekondi amenewo mungolemba mzere waukulu, mapewa, chiuno ndi mwendo wonyamula thupi, ndipo maso anu akhale pa munthuyo nthawi yambiri kuposa papepala. Kenaka zojambula 5 za mphindi ziwiri, zoyamba chimodzimodzi, n'kuonjezera chifuwa, mikono, manja ndi mapazi. Chomaliza chikhale chimodzi cha mphindi 15, munthuyo atakhala momasuka, mutalemba ndi choko pamene mapazi ake ali kuti akapuma abwerere pomwepo. Pa chomalizachi yambani mwachangu monga kale, osayeza. Mukatha, ndiye muyeze ndi pensulo, ndipo zolakwika muzikonze ndi bolopeni yofiira pamwamba pake. Dongosolo limeneli, kuyerekeza kaye kenaka kuyeza, ndilo limaphunzitsa diso. Mukayamba ndi kuyeza, pensulo yangolowa m'malo mwa timabokosi tija. Pakatha milungu ingapo mudzaona kuti inki yofiira ikugwera malo amodzimodzi, ndipo pamenepo mwalidziwa vuto lanulanu, osati la m'buku.

Mapepala asakudyereni ndalama. Pepala lodula limachititsa mantha, dzanja n'kuyamba kusamala. Nyuzipepala zakale, kuseri kwa mapepala otayidwa ku ofesi, makatoni, zonsezi n'zabwino, makamaka zikakhala zazikulu ngati A3. Pensulo ikhale yofewa, 4B kapena 6B. Makala ndi abwino koposa chifukwa salola tinthu ting'onoting'ono. A pambaula ena amakanda pepala, koma mukhoza kuwotcha anu: dulani timitengo towonda touma, tsekerani m'kachitini koboola kabowo kamodzi pachivundikiro, ikani pamoto mpaka utsi utasiya kutuluka, ndipo musatsegule kasanazizire. Lembani deti pa pepala lililonse, musataye.

Anthu oyenda musawathamangitse ndi pensulo. Yambani ndi amene ntchito yawo imabwerezabwereza: wosoka nsapato, wowotcha chimanga, wometa, anyamata otsuka magalimoto, amayi ophwanya miyala m'mbali mwa msewu. Mkono wonyamula hamala umabwerera pamalo omwewo kambirimbiri, inu mumangosankha kamphindi kamodzi n'kumakadikira. Kwa odutsa, yang'anani masekondi angapo osalemba kanthu, kenaka tsitsani maso mulembe zimene mwasunga, osayang'ananso. Poyamba musunga zochepa, mwina kupendekera kwa msana kokha, koma chimene chimatsala m'mutu chimakhala chofunika chija. Ndipo palibe cholakwika kutenga miyendo kwa wodutsa woyamba, mikono kwa wachiwiri amene akuyenda mofanana.

Chitenje ndi diresi lalitali zimabisa miyendo, ndipo ophunzira ambiri amangojambula nsalu ngati kuti mkati mulibe munthu. Lembani miyendo kaye, mopepuka, kuchokera m'chiuno mpaka pamene mapazi akuonekera, nsalu ibwere pambuyo. Nsalu imakungika pamene fupa laikankha, pachiuno ndi pabondo, ndipo makwinya amayambira pamenepo. Mayi wobereka mwana kumbuyo amaweramira kutsogolo pang'ono kuti alingane ndi katunduyo, wonyamula chidebe kudzanja limodzi amapendekera mbali inayo, mkono wopanda kanthu utatalikira thupi. Mukasiya kupendekera kumeneko, chidebe chimaoneka chopanda madzi.

Zithunzi ndi mavidiyo zimathandiza, makamaka pa kuthamanga ndi kudumpha kumene diso silingagwire. Tengani vidiyo ya Barbra Banda akuthamanga ndi mpira, imitsani paliponse, dzipatseni masekondi 30, pitirizani. Ngozi yake kwa inu ndi iwiri. Chithunzi sichichoka, ndiye chizolowezi chokopera m'mphepete chimabwerera msanga ngati simunaike nthawi. Komanso foni imanama. Chithunzi chotengedwa pafupi, foni ili mulingo wa nkhope, chimakulitsa mutu ndi kufupikitsa miyendo, lomwe ndi vuto lanu lenileni. Mukamatenga nokha, imani mamita atatu kapena anayi, foni ikhale mulingo wa mchombo wa munthuyo. Mukafuna kuona zosiyana ndi zimenezi, kaimeni pansi pa Freedom Statue pa Independence Avenue, chiboliboli cha munthu wodula unyolo chimene chinaimikidwa mu 1974. Chili pamwamba, inu muli pansi, ndiye miyendo imaoneka yaitali, mutu waung'ono. Chijambuleni muli pafupi, kenaka muli patali, muyerekeze. Sichisuntha, sichitopa, ndipo mikono yokwezekayo ikuphunzitsani mmene mapewa amakwerera limodzi ndi mikono.

Pamsika ndi pa siteshoni khalani ndi ulemu. Ngati mukhala nthawi pa munthu mmodzi, mupempheni, ndipo mukatha muonetseni, ngakhale chitaipa. Ambiri amaseka n'kuitana anzawo. Wokana musamukakamize. Ana musawajambule kholo lisanavomere. Ndipo maso akakhala pa wa wilibala, chikwama chikhale kutsogolo kwanu.

Za mafupa ndi minofu, yankho langa ndi lakuti ayi, osati pano. Ndaona achinyamata odziwa dzina la mnofu uliwonse amene anthu awo ndi ouma kuposa anu, chifukwa tsopano ali ndi tinthu tambiri toti ayambire m'malo mwa thupi lonse. Pakali pano dziwani malo amene fupa limafika pakhungu, pakuti amenewo sasuntha ngakhale munthu anenepe: mafupa awiri a pansi pa khosi, nsonga ya phewa, chigongono, nsonga ziwiri za kutsogolo kwa chiuno, bondo, ndi akakolo, amene wam'kati amakhala pamwamba pang'ono kuposa wakunja. Akhudzeni pathupi panu. Minofu idzabwera anthu anu akayamba kuima bwino ndi kuyenda. Ntchito ya nkhope musaisiye, ndiyo ikukudyetsani, ndipo timabokosi si tchimo pa ntchito ya kasitomala. Mungoyesa nthawi zina kuyamba nkhope ndi diso lokha, timabokosi tibwere pambuyo kudzakuuzani pamene mwaphonya.

Pali njira yodziyesera nokha: onetsani chojambula pagalasi, kapena chijambuleni ndi foni n'kuchitembenuza kumanja kukhale kumanzere. Kupendekera kumene diso linazolowera kumaonekera nthawi yomweyo. Koma njira imeneyi ili ndi malire. Ngati mwachita zimene ndanenazi miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mapepala a sabata yoyamba ndi a sabata yomaliza sakusiyana, kapena mukumva kuti china chalakwika koma simukuchipeza, mukufunika diso la munthu wina. Ngati dzanja, chigongono kapena phewa likupweteka, kapena zala zikuchita dzanzi ngakhale mutapuma masiku angapo, pitani ku kiliniki, musalimbe nazo. Chimodzimodzi ngati munthu woima patali mukumuona mwachimbuuzi kapena mutu ukupweteka mukatha kujambula: kapimitseni maso, pakuti amene wakhala zaka akuyang'ana pepala pafupi akhoza kukhala ndi vuto loona patali osalidziwa.

Diso la munthu winalo mu Lusaka silisowa. Ku Showgrounds kuli Henry Tayali Gallery, pamene pali likulu la Zambia National Visual Arts Council, ndipo ojambula amapezekapo. Malowa anatchulidwa dzina la Henry Tayali, amene anabadwa mu 1943 n'kumwalira mu 1987, ndipo ntchito zake zambiri ndi za makamu a anthu wamba othinana. Mukapeza mpata woziona, onani mmene munthu amadziwikira kuti waledzera, watopa kapena akukangana, nkhope yake isanaoneke n'komwe. Ku Lechwe Trust Art Gallery pa Lagos Road ndi ku Lusaka National Museum mukhoza kuona ntchito za ojambula a m'dziko muno, ndipo ngati mukufuna maphunziro a m'kalasi, kafunseni ku Evelyn Hone College pa Church Road.

Mukamapita kwa wojambula wamkulu, nyamulani mulu wa mapepala a masekondi 30 aja, oipa omwe, motsatana madeti, chifukwa iye amaona chizolowezi m'mapepala 50 chimene sangachione m'pepala limodzi losankhidwa. Ndipo mupempheni ajambule munthu mmodzi inu mukuona. Musadikire chojambula chomalizidwa, yang'anani masekondi 10 oyamba: nthawi imene watenga asanakhudze pepala, pamene wayambira, ndi chimene wasiya osalemba.